Luso la Pachogwirira cha Lupanga la ku Japan

Ambiri akaona lupanga la asamurai amatamanda kuthwa kwake. Ine maso anga amathamangira pa tsuba, kachitsulo kotchinga dzanja kuti lisaterereke n'kukafika kokuthwa. Kamakwana m'chikhatho, koma amisiri ankasemapo mbalame, nsungwi, mwezi, ngakhale chinjoka.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi nanako. Mmisiri ankakhoma timadontho tonga mazira a nsomba, kamodzikamodzi, m'mizere yosaphonyana. Dzanja likangonjenjemera, thukuta la masiku ambiri lapita pachabe. Nthawi zambiri ankakhoma pa shakudo, mkuwa wosakaniza ndi golide pang'ono, umene akauphika m'mankhwala umada bii koma mowala. Banja la Goto, kuyambira pa Goto Yujo amene anamwalira mu 1512, linasunga luso limeneli kwa mibadwo 17.

Nanga menuki? Tizithunzi tosemedwa mosamala chonchi, kenako n'kutikulunga ndi chingwe cha pachogwirira, n'kumangosuzumira m'mipata!

Mu 1876 boma linaletsa kuyenda ndi malupanga, ndipo amisiri ambiri anatembenukira ku zokongoletsera m'nyumba. Mmodzi mwa akatswiri awo, Kano Natsuo, anali atayamba kale kujambula ndalama zachitsulo za dzikolo.