Mzere wa pansi pa chisoti cha dzino

Mayi wogula mbiya pamsika saiswa kuti aone ngati inapsa bwino. Amaigogoda ndi chala n'kutchera khutu. Dokotala wa mano amene waveka dzino lothyoka chisoti chadothi kapena chachitsulo ali pa mayeso omwewo. Chisoticho wachimata kale ndi simenti, ndipo kuchichotsa nthawi zambiri n'kuchiwononga, koma ayenera kudziwa ngati chakhala bwino.

Ntchito yonse yagona pa mzere umodzi, pamene mkombero wa chisoti wakumana ndi dzino pafupi ndi nkhama. Mu 1971, McLean ndi von Fraunhofer anapeza kuti mpata wa pamenepa usamapitirire ma micron 120, kuposa pang'ono kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ukakula, malovu amadya simenti, tizilombo timalowa, dzino n'kumawola mkati kunja kukunyezimira.

Ndimachita chidwi ndi manja a munthu wojambula X-ray ya mtundu wa bitewing, imene Howard Raper anayambitsa mu 1925. Wodwala amaluma kachogwirira, filimu n'kuima kumbuyo kwa mano, kumbali ya lilime. Apa wojambulayo sapupuluma. Amawerama, kuyang'ana mmene mano andandalikira, n'kusuntha makina pang'onopang'ono mpaka cheza chitalunjika pakati penipeni pa mano awiri. Akapendeketsa ngakhale pang'ono, mano amaoneka osanjikizana, mpata uja n'kubisala, ndipo chisoti choipa chimapita kunyumba ngati chabwino. Akalunjika, zonse zimaoneka: chisoti choyera mbee, dzino lotuwa, ndipo ngati pali vuto, kamdima kakang'ono pamene ziwirizi zinayenera kugwirana. Diso losazolowera limangokadutsa.

Komabe X-ray ili ndi polekezera. Chitsulo chimatchinga cheza, ndipo mbali ya kutsaya ndi ya kulilime sizioneka bwino. N'chifukwa chake ndimaikonda njira ya OCT, imene gulu la James Fujimoto la ku MIT linalengeza mu 1991. Inazika mizu kwa madokotala a maso, ndipo pofika 1998 inali itayesedwa pa mano. Iyi ndiye yogogoda mbiya yeniyeni. Imatumiza kuwala kosavulaza m'dzino, n'kuwerenga kumene kwabwerera kuchokera pa muyalo uliwonse. Sikulowa patali, milimita imodzi kapena ziwiri basi, ndipo chitsulo sikuchibowola. Koma pa mkombero wa chisoti chadothi chopyapyala, kuya kumeneku n'kokwanira.

Woiwerenga amayenera kuphunzitsa maso ake kachiwiri, pakuti apa mpata suoneka wakuda. Kuwala kukafika pamene simenti yalekana ndi dzino, pomwe patsala mpweya kapena madzi, kumabwerera kwambiri, ndipo pagalasi la kompyuta pamatuluka kamzere kowala. Dokotala amayendetsa chipangizocho m'mphepete mwa chisoti, maso ali pagalasi, kufunafuna pamene kamzereko kayambira ndi pamene kathera, wodwala atangoyasama osamva kuwawa kulikonse.