Tinjira ta M'nkhalango ya Tsamba

Nkhalango yotetezedwa ya Tsamba, yomwe ili m'mapiri a Kirk Range m'boma la Neno, ndi ya mtundu wa miombo, kutanthauza thengo la mitengo monga mombo, yomwe imayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukira mvula isanagwe. Tinjira take sitinalambulidwe ndi makasu, koma tinapondeka ndi mapazi a otola masuku ndi amayi ozula bowa m'dzinja, omwe poyenda amaphunzitsa ana kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha poyang'ana mtundu wake ndi mtengo umene wamera patsinde pake. Luso limeneli n'loyenera ulemu waukulu, pakuti bowa wotere salimidwa kudimba: amadalira mizu ya mitengo yamoyo, ndipo pomwe owotcha makala agwetsa mitengoyo, bowa amaleka kumera.