Mmisiri wodziwa kupumitsa makina

Pa Mlangeni, m'mbali mwa msewu wa M1, owotcherera zitsulo ambiri amadalira ndodo zowotcherera pokonza ngolo, mageti ndi mafelemu a mawindo. Koma ine ndimagoma ndi mmisiri wogwiritsa makina otulutsa okha waya, chifukwa makinawa safuna munthu waphuma.

Ntchito isanayambe amayang'ana kukamwa kwa chogwirira. Amapala timibulu tachitsulo tomwe tamatirira pamenepo, poti tikachuluka gasi woteteza msoko satuluka bwino ndipo msoko umakhala wa timabowo. Kansonga ka kopa kodutsa wayako kakakula bowo amasintha, sanyengerera. Chingwe sachipinda kwambiri, kuopa kuti waya angamakwakwaze m'kati.

Luso lenileni lili pa kupumitsa. Makina akalembedwa 60%, ndiye kuti pa mphamvu yomwe yalembedwa pambali pa nambalayo awotcherere mphindi 6 pa mphindi 10 zilizonse. Akatentha n'kudzizimitsa okha, mmisiriyu sathamangira kuzimitsa pakhoma. Amasiya fani izungulire mpaka azizire. Mwini ngolo angadandaule motani kuti kachewere akudikira kumunda, yankho ndi limodzi: “Dikirani pang'ono, bambo, akapsa awa tonse tigona ndi njala.”