Mpunga wa pa Khirisimasi

Anthu akamakamba za Khirisimasi amatchula zovala zatsopano, nyimbo za kwaya ndi nkhuku yophedwa m'mamawa, koma ndi owerengeka amene amakumbukira mayi uja amene, podziwa kuti pa 25 Disembala mvula imakhala ili pakati, anayamba kale kuunjika nkhuni zouma pansi pa nkhokwe, kuti banja lisadzachite manyazi. Iyeyu ndiye amapeta mpunga wa Kilombero m'lichero, natola timiyala ndi mankhusu kamodzikamodzi. Ndiye amadziwa ndi maso okha madzi oyenera mphika wa khamu. Ndipo madziwo akaphwera amasolola nkhuni, naika makala pachivundikiro, kuti mpunga upse pansi ndi pamwamba pomwe, uyoyoke, fungo lake likapeze anthu akuchokera kutchalitchi.

Lusoli likadzatayika, mpunga tidzadyabe, koma waphalaphala ndi wonunkha utsi, ndipo ana sadzalimbirananso nkhoko zofiirira za pansi pa mphika. Tidzatayanso china choposa apa, pakuti manja omwewa, amene anaphunzira kuti kupatsa n'kuika, ndiwo amapatulira mlendo ndi mwana wamasiye mtanda wa nsima mu Febuluwale, chimanga chitatha m'nkhokwe.