Kenani ndi thumba la feteleza

Amene tinaphunzira balagha, luso la kalankhulidwe ka Chiarabu, tinazolowera kufunsa mawu aliwonse okopa kuti mphamvu yake yagona pati. Funso lomweli likuyenera malonjezo a Mgwirizano wa Tonse pa chisankho cha pa 23 June 2020, amene anthu a ku Nsaru ndi Kabudula anawalandira ndi nthungululu.

Aristotle anati wolankhula amakopa ndi mbiri yake, ndi kutakasa mitima, ndi umboni. Mbiri a Lazarus Chakwera anali nayo: m'busa wodziwika, phungu wa Lilongwe North West kuyambira 2014, mwana wa kumudzi komweko.

Mitima anaitakasa ndi Kenani. Ili ndi fanizo lobisika, limene ife timati isti'ara: wolankhula sanena kuti Malawi ali ngati Aiguputo, womvera amamaliza yekha, nadziona ali m'chipululu pambuyo pa Mneneri Musa. Ubwino wake kwa wandale, ndipo pano ndi pomwe ndimaliopera, ndi wakuti Kenani alibe mtengo kapena tsiku lofikira. "Kudya katatu patsiku" ndi kinaya, kutchula mbale pofuna kunena chuma.

Lonjezo la feteleza wa K4,495 linali la mtundu wina. Nambala imamanga mwini wake. Chaka choyamba mtengo unalidi womwewo, kenaka unafika K7,500, kenaka K15,000, ndipo mlimi wa chimanga wa ku Namitete anatha kuliyesa lonjezolo ndi ndalama za m'thumba mwake, popanda womumasulira.