Mphoto ya pa Katebulo ka Kukhoma

Usiku wa pa 29 February 1940, akatswiri a kanema a ku Hollywood adasonkhana mu hotela ya Ambassador, mumzinda wa Los Angeles ku America, kudzalandira mphoto za Oscar za mafilimu amene adatuluka m'chaka cha 1939. Filimu imene idali m'kamwam'kamwa usikuwo idali Gone with the Wind, ndipo amene adaipanga adakhala pamodzi akudikira ulemu wawo. Koma mmodzi wa iwo, mayi Hattie McDaniel, sadakhale nawo. Hotelayo sinkalola anthu akuda, kotero kuti mkulu wa filimuyo, David O. Selznick, adachita kumpemphera kuti alowe. Atalowa adampatsa katebulo kakekake m'mbali mwa chipinda, chakukhoma. Pamenepo ndi pamene mayiyu adadzambatuka kukalandira mphoto ya mkazi amene adasewera bwino koposa m'gawo lothandizira. Iyeyu adali munthu wakuda woyamba kulandira Oscar.

Funso limene tiyenera kulisinkhasinkha ndi lakuti, kodi mphotoyi idalemekeza chiyani? Maganizo anga ndi akuti McDaniel adaiyenera, pakuti luso lake m'filimuyi n'losachita kufunsa. Komabe amene adampatsa adamuyamikira chifukwa chosewera mwaluso munthu wakuda wa mtundu umene iwo ankafuna kumaona, kapolo wokhutira ndi ukapolo wake. Zinthu ziwirizi n'zoona pamodzi, ndipo wounika kanema sayenera kutaya chimodzi kuti chinacho chimveke bwino.

Tiyambe taona mmene Hollywood idaliri pa nthawiyo. Mafilimu ambiri ankapangidwa ndi makampani akuluakulu monga MGM, Paramount, Warner Bros., 20th Century Fox ndi RKO. Wosewera ankasainira mgwirizano wofika zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kampani ndiyo inkamsankhira gawo loti asewere. Akakana ankamuimitsa ntchito osamlipira. Ngakhale bungwe lopereka mphoto za Oscar lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1927 potsatira ganizo la Louis B. Mayer, mkulu wa MGM, ndipo mphoto zoyamba zidaperekedwa mu 1929. Tsono mphotozi zidabadwira m'nyumba ya eni malonda. Ngati azungu otchuka ankalephera kusankha zosewera, nanga mkazi wakuda? Kwa iye zitseko zotsekula zidali za kukhitchini basi.

Gone with the Wind idachokera m'buku la Margaret Mitchell la m'chaka cha 1936. Nkhani yake imachitikira m'chigawo cha Georgia pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya kuyambira 1861 mpaka 1865, imene idathetsa ukapolo. Mpangankhani wamkulu ndi Scarlett O'Hara, mwana wa mwini munda wa thonje wotchedwa Tara, ndipo McDaniel adasewera ngati Mammy, kapolo wa m'nyumba amene adalera Scarlett.

Tikanena za luso, McDaniel adachita chimene osewera ochepa amatha, ndiko kutenga gawo lopapatiza n'kulidzaza moyo. Taonani pachiyambi pa filimu, pamene Mammy akumanga zingwe za chovala chofinya m'chiuno cha Scarlett, uku akumkakamiza kudya asanapite ku phwando. Mawu amene adamlembera ndi a wantchito wolongolola, koma maso a McDaniel akunena zina. Iye akudziwa kale mwamuna amene mtsikanayu akumufuna, ndipo akudziwa kuti mapeto ake sakhala abwino. M'nyumba yonse ya Tara, Mammy ndiye yekha amene Scarlett sangampusitse. Nkhondo itatha, Scarlett atasauka n'kuthothola makatani kuti asoketse diresi yokakopera mwamuna wachuma, Mammy akutsutsa, komabe akupita naye. Pankhope pake pakuoneka kuipidwa ndi chifundo nthawi imodzi, osachita kuzitchula.

Pamene luso lake lidafika pachimake ndi chakumapeto. Mwana wa Scarlett ndi Rhett Butler, dzina lake Bonnie, wagwa pa kavalo n'kumwalira. Rhett wadzitsekera m'chipinda ndi mtembo, akukana kuti mwanayo aikidwe m'manda chifukwa ankaopa mdima. Zonsezi sitikuziona ndi maso. Tikuzimva kwa Mammy, amene akufotokozera Melanie pamene awiriwa akukwera masitepe pang'onopang'ono. Mawu ake akunjenjemera, akuduka, akuyambanso, ndipo phazi lililonse likukwera ngati lasenza mtolo. Chisoni cha nyumba yonse chili pa munthu mmodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti amene akumvetsera pa masitepepo ndi Olivia de Havilland, yemwe adasewera ngati Melanie, ndipo nayenso adali pa mndandanda wa opikisana pa mphoto yomweyo. Ena adali Geraldine Fitzgerald, Edna May Oliver ndi Maria Ouspenskaya. Munthu amene akufuna kudziwa ngati oweruza adalondola angoonera masitepe amenewa. De Havilland akusewera bwino ndithu, koma maso a woonera sakuchoka pa McDaniel.

Komatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tafunsani kuti, kodi Mammy akulirira ndani? Misozi yake yonse m'filimu ya pafupifupi maola anayi ndi ya ana a ambuye ake. Sitimva za mwamuna wake, mwana wake, mayi wake kapena kumene adachokera. Ngakhale dzina alibe, pakuti liwu lakuti Mammy linkaitanidwa mkazi wakuda aliyense wolera ana a azungu. Ufulu utabwera mu 1865, filimuyi simpatsa ngakhale mphindi imodzi yodzifunsa ngati achoke kapena akhale. Iye akungokhala, ngati kuti palibe chasintha. Kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, filimuyi ikulira maliro a dziko la eni akapolo, ndipo akapolo amene ikuwaonetsa kuti ndi abwino ndi okhawo amene adakangamira kwa ambuye awo. Zokwapulana ndi zogulitsana anthu ngati mbuzi simuziona.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Wosewera wosadziwa ntchito akadachititsa kuti bodzali lionekere poyera. McDaniel, chifukwa cha luso lake, adalipatsa mpweya, anthu n'kukhulupirira kuti m'minda ya thonje mudali chikondi chotere. Ndiye kuti luso lomwe lidampezetsa mphoto ndi lomwenso lidathandiza filimuyi kuphimba nkhanza za ukapolo. Tsono tikumbukire kuti makolo ake enieni a McDaniel adabadwira mu ukapolo. Ndipo pamene filimuyi inkaonetsedwa koyamba mumzinda wa Atlanta pa 15 December 1939, iye ndi osewera anzake akuda sadaloledwe kukakhala nawo pa mwambowo chifukwa cha malamulo a tsankho.

Anthu akuda anzake sadagwirizane pa za iye. Ena adanyadira, koma ena, monga Walter White, mtsogoleri wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, ankadzudzula magawo a antchito a m'nyumba amene Hollywood inkapatsa anthu akuda, nati amanyazitsa mtundu. Yankho la McDaniel, limene limakumbukika mpaka lero, lidali lakuti kunali bwino kulandira malipiro ambiri posewera ngati wantchito kusiyana ndi kulandira timakobidi pokhala wantchito weniweni. Sankanena zongomva, pakuti asanatchuke adagwirapo ntchito zotere. Ine ndikuona kuti White adalondola pa za magawowo, koma mlandu sudali wa McDaniel. Iye sadalembe nkhaniyo, ndipo akadakana, gawolo likadapita kwa wina, Mammy n'kukhala chimodzimodzi kapena woipirapo.

Umboni wakuti mphotoyi idali ndi malire tikuupeza m'filimu ina, In This Our Life, ya m'chaka cha 1942, imene adaitsogolera John Huston. M'menemo McDaniel akadali wantchito, koma ali ndi dzina, Minerva Clay, ndipo ali ndi mwana wakewake, Parry, amene akuphunzira zamalamulo. Mkazi wachizungu, amene adasewera ndi Bette Davis, wagunda anthu ndi galimoto n'kupha mwana, kenaka akunamizira Parry. Minerva akufotokoza modekha kuti apolisi samvera munthu wakuda. Apa palibe kulongolola kapena kuseketsa anthu. Pali mayi amene akuopera moyo wa mwana wake. Kwa ine gawo limeneli, ngakhale ndi lalifupi, lili ndi choonadi chimene Mammy alibe. Koma oweruza a Oscar sadalione, ndipo McDaniel sadaikidwenso pa mndandanda wa opikisana mpaka imfa yake. Adamuombera m'manja polirira mwana wa mzungu, koma polirira wake adangoti zii.

Zimene zidatsatira zikuchitira umboni zomwezi. McDaniel adamwalira mu 1952. Adafuna kuikidwa ku manda a Hollywood Cemetery, kumene kudagona akatswiri anzake, koma eni mandawo adakana chifukwa cha khungu lake, ndipo mwala womukumbukira udaikidwako mu 1999. Mwamuna wakuda woyamba kupambana pa mpikisano wa osewera adali Sidney Poitier mu 1964, ndipo mkazi wakuda wachiwiri kulandira Oscar ya kusewera adali Whoopi Goldberg mu 1991, patatha zaka 51. Mphoto ya McDaniel idakasungidwa ku yunivesite ya Howard kumene idadzasowa, ndipo eni Oscar adapereka ina yolowa m'malo mu 2023.

Nanga lero filimuyi tiitani? Mu 2020 kampani ya HBO Max idaichotsa kwa kanthawi, kenaka n'kuibwezera pamodzi ndi mawu oyamba ofotokoza mbiri yake. Ndikuganiza kuti kuibwezera kudali kwanzeru. Tikaitaya, tataya ntchito yaikulu ya McDaniel, ndiye kuti tamubwezera ku katebulo kakukhoma kaja. Koma kuionera osafunsa mafunso ndiko kuvomereza bodza lake. Mndandanda wa opambana a m'zaka zimenezo umatiuza zimene eni makampani ndi oweruza adali okonzeka kuyamikira, ndipo suthetsa nkhani ya chimene chidali chabwino kapena choona. Ntchito yoweruzayo idatsalira ife oonera. Mukadzaonera Mammy akukwera masitepe aja, muyamikire Hattie McDaniel monga momuyenera, ndipo mudzifunsenso kuti mayi amene akuliridwa ana a eni ndi ndani dzina lake, nanga ana ake ali kuti.