Wophulitsa miyala

Aliyense wokwera minibasi pa msewu wa M1, kuchokera pa Lizulu kutsetserekera pa boma la Ntcheu, amayenda pamwamba pa kwale. Kwaleyo poyamba anali thanthwe, koma amene analiswa satchulidwa pa tsiku lotsegulira msewu.

Wophulitsa miyala amayamba ndi maso. Amayang'ana ming'alu ya thanthwe, n'kusankha poboola. M'mabowomo amathiramo onga wa masiku ano: ammonium nitrate, yemwe amapezekanso m'feteleza wa CAN, wosakaniza ndi dizilo. Pamwamba amatsekapo ndi timiyala kuti mphamvu isathawire kumwamba. Luso lenileni lili pa nthawi. Mabowo saphulika limodzi ayi, amatsatizana mofulumira kuposa kuphethira, lililonse kutsegulira linzake njira. Akaphonya, miyala imauluka n'kukaboola malata, ndipo zipupa za zidina zimang'aluka.

Ammonium nitrate yemweyu, matani pafupifupi 2,750 osungidwa mosasamala, anasakaza doko la Beirut mu 2020. N'chifukwa chake katswiri weniweni amathamangitsa ngakhale mbuzi asanaphulitse, ndipo bowo lina likakana, salola munthu kuyandikira mpaka iye mwini atalifufuza.